Ndege Yonunkha Nyama

La Porfía,
Santa Ana del Yacuma,
28 Okutobala 2001

Okondedwa achemwali anga a Otilia,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu a Gonzalo ndi ana kumeneko ku Murcia. Katundu munatumiza uja anafika, zikomo kwambiri. Nsapato zija n'zokongola, kungoti mapazi a alamu anu a Belisario atupa moti masiku ano akungoyenda ndi patapata. Komabe aziika pamwamba pa kabati, ndipo mlendo aliyense sachoka pakhomo pano asanazione. Kuno kukutentha koopsa, utsi wa otentha tchire wadzaza paliponse, ndipo madzulo mitambo yayamba kuunjikana cha kumpoto. Mukudziwa nokha kuti pakangopita milungu ingapo msewu wa ku Trinidad usanduka dziwe mpaka Meyi.

Nkhani yaikulu ndi yakuti tagula ndege. Eya, ndege yathuyathu, ndipo pamapepala palembedwa dzina langa. Ndikukuonani mukuseka dzanja lili pakamwa, inu amene munkati ine ndi a Belisario tidzakalamba tikuloza ndege za eni ake kumwamba. Sekani ndithu. Koma mukatha mukhale pansi, chifukwa ine chigulireni ndegeyi mtima wanga sunakhale m'malo, ndipo ndilibe wina womuuza.

Za matenda a alamu anu ndinakulemberani mwachidule. Mtima wawo wakula ndipo ukupopa mofooka. N'chifukwa chake chaka chatha adokotala anakana kuwasainira pepala loti apitirize kuyendetsa ndege, munthu woti moyo wake wonse wathera m'mwamba, kunyamula katundu ndi mabwana m'ndege za anthu ena. Mu Ogasiti anagwa kukhola la ng'ombe, kupuma kukuwavuta. Ndinaitana pa wailesi mpaka mawu anasasa, koma ndege ya hayala inabwera tsiku lotsatira masana. Imeneyo inali nyengo yadzuwa, achemwali. Nanga akadzagwa mu Januwale, madzi atafika m'khosi mwa ng'ombe? Tili m'chipatala momwemo ndinawauza kuti tikugulitsa ng'ombe, tigule ndege mvula isanayambe. Laisensi ndili nayo, poti anandiphunzitsa okha zaka zapitazo, akundikalipira ngati mwana wa sukulu. Sanatsutse. Ndikanayenera kudabwa pomwepo, chifukwa munthu ameneyu amatsutsa ngakhale mchere wa m'ndiwo.

A Aurelio Cuéllar mukuwakumbuka? Ataliatali aja, amene anavina nanu pa ukwati wanga n'kukupondani chala mpaka chikhadabo kuchoka. Maso awo afooka, ndiye akutseka shedi yawo ya pabwalo la ndege ku Trinidad, akukakhala kwa mwana wawo ku Santa Cruz. Anali ndi ndege ziwiri zogulitsa, zonse zakale, zonse za injini imodzi. Tinapitako kumayambiriro kwa mwezi uno pa galimoto ya aneba.

"Mwabwera kudzagula kapena kudzandithera nthawi?" anatero a Aurelio atationa.

"Tabwera kudzaona zitini zakozi, mdala," anayankha alamu anu. "Ndamva ukugulitsa pa kilo."

"Chitini ndiwe. Alamu, munthu ameneyu mukumusungiranji? Bwerani kwa ine, ndili ndi ndege ziwiri."

"Mudzandiona ndi maso ake ati?" ndinatero, ndipo tonse tinaseka.

Yoyamba inali kandege kachikasu ka anthu awiri, wina kutsogolo wina kumbuyo, mapiko okutidwa ndi nsalu, kateyala kakang'ono kumchira. Nditangokaona ndinagwira pamtima. N'kofanana ndendende ndi kaja a Belisario ankadutsa nako pamwamba pa nyumba ya bambo n'kutiponyera maswiti omanga m'kampango, nkhuku zili balalabalala, bambo akuthamanga ndi mfuti atavala kabudula wamkati. Chikwatiranireni amuna anga akhala akunena kuti akadzapeza ndalama adzagula kotere, ndipo chithunzi chake chodula m'magazini chachita kusuluka pakhoma la kuchipinda kwathu. Si kukongola kokhanso ayi. Injini yake yangokonzedwa kumene, mafuta kamangonyambita, ndipo kamatera paliponse, ngakhale pabwalo lathu lalifupili matope atalowa. Kwa ine nkhani inathera pomwepo. Tili awiri basi, kupita kuchipatala n'kubwerako, tifunanso chiyani?

Inayo inaima kukona ngati ng'ombe yokalamba. Chindege choti kale chinali choyera, cha anthu asanu ndi mmodzi, chokhala ndi zitseko ziwiri zazikulu m'mbali cha kumbuyo. Zaka zonsezi chakhala chikunyamula nyama kuchoka m'mafamu kupita nayo m'tauni, ndiye mipando yakumbuyo anaichotsa kalekale, pansi n'kuyalapo lata. Fungo lake, mayo ine! Ntchentche za m'Trinidad monse zimachidziwa. Injini yake yatopa, mafuta chimachita kugugudiza, potera mphuno yake ndi yolemera, ndipo kuti chitere kwathu panafunika kudula mitengo ya kanjedza ija ya kumapeto kwa bwalo.

Alamu anu kachikasuko anangokasisita phiko kamodzi, osakayang'ana n'komwe, n'kulunjika kuchindege chanyama. Anatsegula zitseko zonse ziwiri n'kuima pamenepo akusuzumira m'kati.

"Bambo, mwasochera," ndinatero. "Yanu ili uku."

"Kachidole ako? Nsalu imeneyo ng'ombe zidzainyambita, m'mawa tidzapeza mafupa okhaokha."

"Tidzamanga mpanda."

"Mphepo ya kummwera ikadzawomba kadzauluka kokha, kukatera ku Brazil."

"Inuyo lero mukunyoza kachikasu? Inu amene mwandigoneka zaka zonsezi moyang'anana ndi chithunzi chake?"

"Munthu amakula, mayi. Tapita pageti ukandigulire madzi ozizira, nthawi ya mankhwala yakwana."

Ndinapita ndikung'ung'udza, koma nditafika pakatikati ndinazindikira kuti chikwama ndachisiya pa benchi. Ndinabwerera n'kulowera kakhomo kakumbuyo, chifukwa ndi kamene kanali pafupi.

Choyamba kuona anali mapazi. Mapazi otupa aja, patapata zitavulidwa n'kuikidwa pansi bwinobwino. Amuna anga anali atagona chagada pa lata lija m'kati mwa ndege, manja atawaongola m'mbali, chipewa chili pachifuwa. A Aurelio anaima pakhomo ndi tepi yoyezera, ndipo munthu wosakhalitsa osaseka uja nkhope inali ndwii.

"Uonjezerepo matabwa," anatero a Belisario, maso ali kudenga. "Kumutu ndi kumiyendo. Usaiwalenso zogwirira za m'mbali."

"Likwana, achimwene. Pakhomopa adzangolipendeketsa pang'ono."

"Kupendeketsa ayi. Ndingadzagubuduke m'katimo n'kukafika kwathu chafufumimba."

Pamenepo ndinazindikira. Bokosi, achemwali. Ankayeza ngati bokosi lawo la maliro lingalowe.

Sindikumbuka zonse zimene ndinalankhula. Ndikungodziwa kuti ndinatola patapata imodzi n'kuwagenda nayo a Aurelio, ndipo iwo sanasunthe n'komwe. Anapinda tepi yawo n'kutuluka panja mwakachetechete.

"Dzukani!" ndinakuwa. "Dzukani pamenepo msanga! Malodza anji amenewa pamaso panga? Ine ndagulitsa ng'ombe kuti ndizikutengerani kuchipatala, inu mukufuna kundigulitsa galimoto yamaliro?"

"Tandithandiza kaye kudzuka, ukalipe bwino. Kugona n'kosavuta, kudzukaku ndiye ntchito."

Ndinawakoka mkono mpaka anakhala pakhomo la ndegeyo, akupuma ngati athamanga. Nanenso ndinakhala pomwepo, m'fungo lomwelo.

"Casilda, tamvera. Kuchipatala ndidzapita chokhala, zimenezo n'zoona, ngakhale kachikasu kakhoza kundifikitsa. Ine ndikuganiza za pobwerera."

"Pobwerera mudzabweranso chokhala."

"Kangapo, eya. Koma unalipo pamene adokotala a ku Santa Cruz ankalankhula. Unkangoyang'ana kalendala ya pakhoma, koma unamva."

Ndinamvadi. Adokotalawo ananena kuti tikadzaona Pasaka tidzathokoze Mulungu. Zimenezi sindinauzepo munthu aliyense.

Kenako a Belisario anandikumbutsa za bambo awo. Inu munali mutachoka kale nthawi imeneyo. Apongozi anga anamwalirira m'chipatala ku Trinidad chaka cha madzi aakulu chija, msewu kulibe, ndipo palibe ndege imene inavomera kuwanyamula. Eni ndege amati ikanyamula maliro anthu amaithawa, ndiponso safuna kuika mateyala awo pabwalo lonyowa la pafamu. Ngakhale bwana amene a Belisario ankamuyendetsera ndege anakana, atamugwadira pamaso pa anthu. Anawaika kumanda a m'tauni, m'khoma lija la zibowo zolowetsamo mabokosi a maliro, mzere wapamwamba penipeni.

"Munthu wa mahatchi ngati bambo anga, ali m'khoma ngati mbale m'kabati," anatero. "Kuti ukaike maluwa uchite kubwereka makwerero kwa mlonda. Ine ayi, mayi. Ine ndikufuna dothi lakwathu, pansi pa mango paja, pafupi ndi amayi ndi Irenita wathu. Mwana uja wakhala ndi agogo ake okha nthawi yaitali. Anzangawa ndikuwadziwa, adzabwera ndi nkhata zamaluwa koma ndege adzakaniza. Iwe wekha ndi amene sudzandikana."

"Ndiye mukuganiza kuti ndidzaiyendetsa bwanji, inu muli kumbuyo m'bokosi?"

"Bwino kwambiri. Kadzakhala koyamba kutera popanda wokukalipira."

Ndinaseka, achemwali, Mulungu andikhululukire. Ndinaseka misozi ili chuchuchu, ndikuwamenya paphewa, ndipo iwo anangondigwira mutu n'kuugoneka pachifuwa pawo. Mtimawo ndinaumva ndi khutu langali, ukugunda mosokonekera, kuthamanga, kuima, kuthamanganso.

A Aurelio anabwera ndi botolo la madzi ozizira. Sanatiyang'ane. Analiika pansi, n'kupita kwa kachikasu kaja n'kuyamba kukakankhira panja okha.

"Kali ndi mafuta," anatero. "Kakakhalitsa osauluka kamachita dzimbiri. Alamu, tandithandizani, mukamuzungulitseko mdalayu. Wandinunkhitsira shedi."

Kuwalowetsa kumpando wakumbuyo inali nkhondo. Mwendo umodzi unakana kupindika, a Aurelio akukankha, ine ndikukoka lamba, a Belisario akutitukwana tonse awiri. Pamene amakhala pansi milomo yawo inali itada. Pamenepo ndinadzionera ndekha kuti pofika Khirisimasi, ngakhale ali moyo, m'kandege aka sadzalowamonso. Panalibenso chifukwa choti munthu andiuze.

Tinanyamuka. Kanangothamanga pang'ono basi n'kudzuka. Utsi unali utachepako tsiku limenelo, ndipo mtsinje wa Mamoré unaoneka wonse mmene umakhotakhotera, mchenga woyera m'mbali, akakowa ali mbuu m'madambo. Tisanapite patali ndinamva ndodo yowongolera ikugwedezeka m'dzanja langa, poti kumbuyo kulinso ina.

"Siya!" anakuwa.

"Malamulo sakukulolani!"

"Malamulowo tawasiya pansi. Siya, mkazi iwe!"

Ndinasiya, manja n'kuika pamiyendo. Kandege kaja kanasintha ngati hatchi imene yamva mwini wake. Anakatsitsa mpaka pafupi ndi madzi, kutsata mtsinje, kupendekera uku, kupendekera uko, asodzi a m'mabwato akutikupizira zipewa. Ndinawamva akuimba kumbuyoko ndi mawu awo oipa aja. Sindinacheuke, ndinkaopa kuti ndikaona nkhope yawo ndilephera kutera. Koma sizinatenge nthawi. Nyimbo inaduka, ndodo inalefuka, ndipo ndinamva dzanja paphewa panga ndi mpweya wawo kukhutu.

"Tenga, mayi. Ndakhuta."

Ndinatera moipa kuposa tsiku lililonse m'moyo wanga, maso osaona bwino, kandege kakudumphadumpha. A Aurelio anatichingamira akupukusa mutu. "Alamu, ndege ndi imodzi koma mwatera katatu," anatero. A Belisario sanandikalipire ngakhale pang'ono, ndipo zimenezo ndi zimene zinandipweteka kwambiri.

Masana omwewo ndinasaina mapepala a chindege chanyama. Kachikasu ndamva kuti kagulidwa ndi munthu wina wa ku San Borja. Alamu anu atamva anangoti, "Akasamale," n'kupempha khofi.

Tinakhalabe m'tauni masiku angapo, ine ndikuzolowera chindegecho ndi a Aurelio pambali, uku anyamata akufamu akudula mitengo ya kanjedza ija. Mkangano womaliza unali wa mipando. A Aurelio anaifukula kuseri kwa shedi, mipando inayi yofiira, fumbi lili tho koma yosang'ambika, poti nyama sikhala pampando.

"Isiye konkuno," anatero a Belisario. "Ingolemeretsa ndege. Nanga akhalepo ndani?"

"Imangeni, a Aurelio."

"Mayi, udzavutika nayo pochotsa."

"Ndege ndi ya ndani? Pamapepala pali dzina la ndani? Ndati imangeni, yonse inayi."

"Mdala, khala chete," anatero a Aurelio. "Bwana walankhula."

Anaimanga. Koma alamu anu atasinza pa benchi, ndinapita kwa a Aurelio n'kuwanong'oneza kuti andionetse kachotsedwe kake. Anandionetsa pa mpando umodzi, kumasula n'kumanganso, mpaka ndinatha ndekha. Kenako anandipatsa sipanala yake m'manja n'kutuluka panja kukamina. Ndaibisa m'kabati ya kukhitchini, kuseri kwa ufa wa chinangwa, ndipo tsiku lililonse ndikamatapa ufa ndimaikhudza. Ndimadana nayo sipanala imeneyi, achemwali, ngati kuti ndi munthu.

Tsopano ndege ili pakhomo pano, pansi pa denga laudzu limene anyamata amanga. Ndaitsuka ndi sopo, ndaitsuka ndi mandimu, koma dzuwa likafika pamutu fungo limabwereranso, ndipo agalu athu asamukira komweko. M'mawa uliwonse ndimanyamuka ndekha, kuzungulira famu n'kutera, kunyamukanso n'kutera, chifukwa ndikufuna manja angawa adzadziwe ntchito okha tsiku limene mutu sudzagwira. A Belisario amakhala pampando m'mbali mwa bwalo. Ndikatera bwino amakweza chipewa. Ndikatera moipa amatembenuza mpando n'kundilozetsa msana, ndipo anyamata amagwa ndi phwete. Kudya akudya pang'ono, ngakhale masaco a chinangwa chosinja ndi nyama amene ankawakonda aja amangolawa n'kukankha mbale. Kugona amagona chokhala, mapilo ali kumsana. Koma ndikuuzeni zoona, chigulireni ndegeyi iwo akugona tulo tabwino ngati mwana. Ine ndi amene sindikugona. Mtima wanga wasweka, achemwali, ndipo ndikuyenda nawo choncho, kuphika, kuwerengetsa ng'ombe, kuseka nthabwala zawo, chifukwa ndikalira amati ndikuwaika asanafe.

Akudziwa kuti ndikukulemberani. Ali pakhonde pomwepa, ndipo ati ndikuuzeni kuti tsopano ndife mabwana, mukabwera muzitigogodera pakhomo ndi ulemu. Sakudziwa kuti ndalemba zonsezi. Mukamayankha musaonetse chilichonse, chifukwa makalata anu amawawerenga okha mokweza, akutsanzira mawu anu.

Munalemba kuti mukufuna kubwera chaka chamawa mu Julayi ana akatsekera sukulu. Julayi ndi kutali, achemwali. Chichokereni inu sindinakupempheni kanthu, koma lero ndikupempha. Lankhulani ndi banja la agogo amene mukuwasamalirawo akupatseni tchuthi, aphunzitsi a ana muwauze zimene mungawauze. Za matikiti musadandaule, ng'ombe zikadalipo. Msewu ukadzatsekeka zilibe kanthu, ndidzakuchingamirani ndekha ku Trinidad.

Mundiperekere moni kwa alamu a Gonzalo, muwauze kuti mnzawo akuwasungira botolo lija, ngakhale iye mwini adokotala amuletsa. Moni kwa ana anu, Maite ndi Rubén. Bambo awo aang'ono ati afuna kuona ngati Rubén wawapitirira msinkhu monga mukunamira m'makalata, ndipo Maite adzawaimbire ndi pakamwa pake, matepi atopa nawo. A Aurelio nawonso akupereka moni, ati chala chija mwawakhululukira kodi? Inuyo achemwali anga, moni wanga ndi misozi imene yadontha papepalali, musaiyese khofi.

Mipando ija ndi inayi, ndipo inu muli anayi. Fungo mudzangolipirira. Chonde bwerani ikadali m'kati.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,
Casilda